Zaka zimene ndinkapempherera pazenera la tchalitchi

Chizindikiro choyamba chinali chitenje chonyowa. Unali mwezi wa Febuluwale, nditangotuluka kumene m'chipatala cha paboma komwe ndinataya mwana wanga wachiwiri. Ndinadzuka pamphasa kuti ndikatunge madzi, ndipo ndinaona mkodzo ukuyenderera m'miyendo ine osamva kalikonse. Ndinkaganiza kuti ndi kufooka kwa uchembere ndipo kudzatha kokha. Sikunathe.

Ndine mayi wa ku Mlonyeni, ndimalima mtedza ndi chimanga. Nthawi imeneyo ndinali pachitengwa kwa amuna anga, omwe ankakhalitsa ku Chipata pa geni yawo ya kaunjika. Nthawi yobereka itakwana, apongozi anga aakazi anakana kuti ndipite msanga kuchipatala. Anati mwana akuchedwa chifukwa ndinayenda ndi mwamuna wina, choncho ndiulule dzina lake. Ndinalibe dzina loti nditchule. Pamene ankandikweza pangolo n'kuti mwana atasiya kale kugunda. Madokotala anamutulutsa ndi opaleshoni ali wakufa.

Mkodzo unkatuluka nthawi zonse, ndikhale pansi kapena ndiimirire. Ndinang'amba zitenje zanga zonse n'kumavala ngati matewera. M'ntchafu munatuluka zilonda zoyabwa. Ndinachepetsa kumwa madzi poganiza kuti zithandiza, koma fungo linangokulirakulira. Amuna anga atabwera anayala mphasa yawo pakhonde, ndipo atabwerera ku Chipata sanabwerenso. Ndinamva kwa anthu kuti anakwatira komweko. Ndinatenga mwana wanga woyamba n'kubwerera kwathu kwa achemwali anga, kumudzi woyandikana nawo.

Za amuna anga zinandipweteka, koma za kumpingo zinandipweteka koposa. Ndinali wa kwaya kuyambira ndili mtsikana. Lamulungu loyamba limene ndinapitako, amayi amene tinkaimba limodzi anasendera mmodzimmodzi mpaka benchi lonse linatsala langa. Lachitatu lake mkulu wa mpingo anabwera kwathu. Ndinamupatsa mpando, koma anayankhula ali chiimire.

"Mayi, Mulungu amamva ngakhale muli kunyumba. Muyambe mwachira kaye," anatero.

Sindinakhale kunyumba. Lamulungu lililonse ndinkadikira kuti anthu alowe, kenaka ndinkayala thumba la feteleza pansi pa zenera la kumbuyo, panja, n'kumamvera ulaliki. Nyimbo yomaliza ikayamba ndinkanyamuka. Mvula ikagwa ndinkafunda pepala lapulasitiki. Sindinganame kuti ndinkapita ndi mtima wachikondi. Ndinkapita nditakwiya. Ndinkauza Mulungu kuti anthu awa angandichotse pabenchi, koma si iwo amene anandifera, ndiye sangandichotsenso kwa Yesu. Tsiku la Mgonero ndinkamva makapu akugundana mkatimo. Palibe anaganizapo zotulutsa kapu imodzi panja, ngakhale onse ankadziwa kuti ndilipo.

Achemwali anga, pondimvera chisoni, anandipezera sing'anga wa tsidya la malire. Ndinakana. Osati chifukwa chikhulupiriro changa chinali chachikulu; chinali chitatsala pang'ono kwambiri, ndipo ndinkaopa kuti ndikachitaya chimenecho ndidzatsala wopanda kanthu.

Ndinakhala choncho zaka pafupifupi zitatu. Lamulungu lina kunabwera mlendo mochedwa, namwino wochokera ku Karonga amene anali atangomutumiza kuchipatala chaching'ono cha kwathu. Atandiona pazenera sanalowe. Anakhala pansi pambali panga n'kundifunsa mwakachetechete kuti zinayamba liti. Nditamufotokozera anati, "Amayi, amenewa ndi matenda, si chilango. Dzina lake ndi fisitula. Mwana akachedwa kubadwa, chikhodzodzo chimabooka. Pobookapo amasoka."

Ndinalira kwambiri, koma sichinali chimwemwe chokha. Zaka zonsezo, thandizo linalipo.

Anandilembera kalata yopita kuboma, ndipo akuboma ananditumiza ku Lilongwe mu Sepitembala. Kuwodi ndinapeza amayi ambiri a vuto lomweli, ena atsikana ang'onoang'ono, ena a imvi. Tonse tinali ndi fungo limodzi ndipo palibe ankasendera mnzake. Opaleshoni yanga inachedwa chifukwa zilonda zinayenera kupola kaye, komanso magazi anali ochepa. M'mawa uliwonse ankatiyeza, kutipatsa mankhwala ndi kutikakamiza kumwa madzi ambiri, chinthu chimene ndinali nditaiwala. Masana tinkangokhala pakhonde kudikira kuti aitana ndani.

Anandiitana mu Okutobala. Pambuyo pa opaleshoni ndinakhala ndi kapaipi ka mkodzo kwa masabata angapo. Tsiku lochotsa, adokotala anandiuza kuti ndimwe madzi, ndiyendeyende, kenaka nditsokomole mwamphamvu. Ndinatsokomola. Chitenje chinali chouma.

"Mwachira," anatero adokotala. "Musanyamule zolemera kwa miyezi ingapo. Mukadzakhalanso ndi pakati, mudzabwere kuchipatala masiku asanakwane."

Nditabwerera kumpingo anandilandira ndi nthungululu. Mkulu wa mpingo yemwe uja anaimirira n'kulengeza kuti mapemphero a mpingo ayankhidwa. Ndinangoyang'ana pansi. Mpaka lero palibe amene anabwera kudzapepesa. A kwaya anandipempha kuti ndibwerere, koma sindinavomerebe. Ndimapemphera nawo, ndimadya nawo Mgonero, ndipo m'mawa uliwonse ndimapempha Mulungu kuti andithandize kuwakhululukira. Masiku ena zimatheka, masiku ena ayi. Ndimapitabe, chifukwa chipulumutso changa sichili m'manja mwawo.

Panopa thupi lili bwino. Ndimalima ndekha, ndimakwera minibasi, ndimagona pamphasa youma. Kwa amayi anzanga ndikuti: mukakhala ndi pakati, kadikirireni kuchipatala nthawi ikayandikira, wina aliyense anene zimene anganene. Ngati mkodzo kapena chimbudzi chikutuluka chokha mutabereka, musabisale ndipo musasiye kumwa madzi. Pitani msanga, amachiza. Pempherani muli m'njira yopita kuchipatala.

Madokotala anasoka chimene chinang'ambika, koma mwana wanga sakanandibwezera. Anamuika m'manda ine ndili chikomokere, nkhope yake sindinaione. Anali wamwamuna. Ndikatopa ndi anthu ndimakumbukira kuti ali kwa Ambuye, ndipo ine ndikufuna ndikafike kumeneko ndikamuone.