Ndinaloza batani lolakwika, mlandu ndinaponyera Esinati

Inu owerenga, ndinaononga mbiri ya mayi wosalakwa pofuna kubisa ulesi wanga.

Ndinali wapampando wa komiti yochenjeza anthu za kusefukira kwa madzi kwathu ku Midzemba. Bungwe lina linatipatsa foni yaikulu yotumizira chenjezo kumafoni a anthu okhala m'mbali mwa mtsinje. Kumaphunziro ake a masiku atatu ndinapita ndine, koma ndinangokhalako tsiku loyamba. Enawo ndinathera kwa chibwenzi changa pa boma. Nditabwerako ndinapereka foniyo kwa mlembi wathu, Esinati, n'kumuuza kuti ndi yosavuta.

Pafoniyo panali mabatani awiri ogundizana, onse ofiira, olembedwa m'Chingerezi: lina loyeserera, lina lotumiza chenjezo lenileni. Ukadina, foniyo sinkafunsanso ngati watsimikiza. Tsiku lina masana Esinati anandifunsa kuti loyeserera ndi liti. Ndinachita manyazi kunena kuti sindikudziwa, ndinangoloza lakumanja. Anadina.

Posakhalitsa anthu anali kuthamangira kuphiri, kumwamba kulibe ndi mtambo womwe. Pobwezera uthengawo sindinkapadziwa. Mayi wina woyembekezera anagwa pamiyala, ndipo pomafika naye kuchipatala n'kuti atapita padera.

Anthu atatiunjirira pabwalo la mpira, ndinayamba ndine kuyankhula. Ndinati Esinati amakonda kuseweretsa foniyo, ndamuletsa kangapo. Anthuwo anamugwaditsa pafumbi. Amayi anzake anamulavulira, wina anamuvula mpango n'kuupondaponda. Iye anangoyang'ana ine.

"Apampando, tanenani, munaloza batani liti?"

"Mayi iwe, usandilowetse m'misala yako," ndinatero.

Mwamuna wake anamuthawa. Kukwaya anamuchotsa, ana ake kusukulu ankawatcha ana a chigawenga, mpaka anasamukira kwa achemwali ake ku Nsambe. A bungwe aja atabwera anavomera kuti mabataniwo anaikidwa molakwika, ndipo anawasintha. Ine upampando ndikadali nawo.

Chaka chatha ndinamulondola kuti ndikapepese. Ndinamupeza akupalira mbatatesi. Anandimvetsera osasiya khasu, kenako anati, "Zimenezi mukanene pabwalo paja, anthu onse alipo."

Abale anga, mukatumidwa kumaphunziro okhudza moyo wa anthu, khalanimo mpaka kumapeto. Musapatse mnzanu chida chomwe simunamuphunzitse, ndipo zikavuta musamupereke kwa anthu olusa. Kuvomera n'kopepuka tsiku lomwelo. Ine pabwalopo ndimadutsa m'mawa uliwonse, koma pakamwa sipanatsekukebe.