Bowo la pamimba pa mng'ono wanga

Ndinadzuka tambala asanalire, ngati kumeneko nkudzuka, poti ndinangotsamira khoma la nyumba ya mng'ono wanga kuno kwa Chinsapo, jekete lili m'thupi. Chinali chisanu cha mu Julaye. Moto wa amuna panja unali utatsala makala okha, ndipo amayi m'nyumba anali atatopa, nyimbo ikungotulukira m'mphuno. Ine tulo sitinabwere chifukwa ndinali ndi mawu oti ndinene pamaliro. Ndine mwini mbumba, ndipo ndikamayankhula ine sipafunika chimkuzamawu.

Mawuwo anali akuti mng'ono wanga waphedwa ndi anthu a kafukufuku.

Munthuyu anayamba kuona magazi akapita kuchimbudzi zaka zitatu zapitazo. Ine ndinamuuza kuti ndi nthenda ya mudzi, zotupa za kumbuyo zija, ndipo ndinapita naye ndekha kwa mkulu wina wogulitsa mizu kumsika. Anamwa mizuyo zaka ziwiri, uku akupala matabwa ake ngati kale. Atangoponda kuchipatala, basi, akuti khansa ya m'matumbo. Kenaka anamulemba m'kafukufuku wa nthendayo. Anasaina mapepala, ankamutenga magazi, mpaka kanyama ka m'matumbo anadula nkuika m'botolo. Chaka sichinathe, munthu watisiya. Inuyo mukanaganiza chiyani?

Kutayera tinakwera lole kupita kumochale kukasambitsa thupi, ine ndi amuna awiri a kumpingo. Amunawo anati nditsale panja poti ndine mbale, koma ndinakakamira. Ndinkafuna ndione ndi maso anga chimene anachotsa. Titavundukula nsalu ndinachiona. Kumanzere kwa mchombo kunali bowo lozungulira bwinobwino ngati pakamwa pa botolo, atamatapo pulasitala. Amuna awiri aja anayang'ana pansi.

Ine ndinati, "Mwaona? Mukhale mboni."

Pobwera ndi bokosi tinapeza masamba ataikidwa kale pamsewu, akabaza akutsika njinga zawo nkumakankha. Anthu anali atadzaza mpaka kuseri kwa mpanda wa aneba. Abale a kwathu ku Mulanje anali atafika ndi timitolo tawo, akalipentala anzake atakhala pabenchi limene anakhoma yekha malemuyo, amayi a Mvano ali mbuu ndi mabulauzi oyera. Kuseri kwa nyumba ena ankaduladula kabichi, mphepo ikuwabwezera utsi ndi fumbi m'maso.

Pakati pa amayiwo ndinaona mlendo. Chitenje chake chinali chatsopano, mizere yopinda ikuonekabe, koma nsapato zinali za muofesi. Anakhala pafupi ndi mlamu wanga, mkazi wa malemu, atamugwira dzanja. Nditafunsa anandiuza kuti ndi namwino wa kafukufuku uja. Ndinati mumtima, eya, wabwera kudzaonetsetsa kuti bokosi latsekedwa msanga.

Ndinatuma mayi wina kuti andiitanire mlamu wanga kuseri kwa bafa.

"Alamu, bowo lija ndaliona. Matumbo a mbale wanga ali kuti?"

"Ali m'mimba mwawo, alamu, kupatula powola pamene anadula. Njira ya kumbuyo inatsekeka. Pabowopo ndi pamene ankadzithandizira, m'kathumba. Miyezi isanu ndi itatu ndakhala ndikuwasintha ine."

"Nanga ine osandiuza bwanji?"

"Inuyo? Kuti Chinsapo yense amve dzuwa lisanalowe?"

Ndisanayankhe, anamasula mfundo ya chitenje nkutulutsa kapepala kopindapinda. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 2, koma dzina langa ndimalidziwa likalembedwa. Linali pamenepo.

"Malemu anati ndidzakupatseni tikawaika, koma ndaona kuti mukufuna kulalata pagulu. Kuchipatala anawauza kuti nthendayi nthawi zina imatsata pachibale, ndiye abale obadwa nawo bere limodzi akayezetse. Dzina lanu anapereka okha. Anati achimwene masiku ano akumachedwa kuchimbudzi, ndipo buluku likuwakulira."

Ndinamukalipira kuti asandiyankhule zopusa tsiku la maliro. Iye anangobwerera m'nyumba. Koma zinali zoona. Chiyambire Isitala ine ndimaona magazi. Sindinauze munthu. Mizu yomwe ija ndi imene ndimamwa, botolo lake limakhala pansi pa bedi.

Anthu ataona nkhope, amfumu a m'dera lathu anayankhula pang'ono, kenaka anaitana mwini mbumba. Ndinaimirira. Amuna awiri a kumochale aja ankandiyang'ana, namwino uja nayenso. Ndinathokoza mpingo, adzukulu okumba manda ndi aneba. Ndinafotokoza kumene tinabadwira ndi chaka chimene tinabwera m'tauni muno kudzafuna ntchito. Kenaka ndinafika pa imfa yake. Ndinati, "Mbale wathuyu watisiya ndi khansa ya m'matumbo. Anachedwa kupita kuchipatala zaka ziwiri. Amene anamuchedwetsa ndi mizu ndine ndaima panone." Ndinanena mokweza monga ndimanenera zonse, mpaka amayi ophika kuseri analeka kucheza.

Za kafukufuku sindinatchule. Musaganize kuti ndinawakhulupirira ayi. Ndinangoona kuti umboni wanga unali utachepa.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka. Lole inkayenda pang'onopang'ono, amayi patsogolo ndi nkhata, ogulitsa m'mbali mwa msewu atazimitsa mawailesi. Kumanda dothi linali louma gwa, adzukulu ali ofiira fumbi mpaka m'makutu. Titatsitsa bokosi ndinaponya dothi langa, ndipo ndinakumbuka kuti munthu ameneyu, ali ndi kathumba pamimba, ankandiyang'ana ine buluku.

Potuluka kumanda namwino uja anandipeza, nkupinda mawondo pang'ono.

"Pepani abambo. Lachiwiri m'mawa timakhalapo kuchipatala."

"Kanyama ka mbale wanga kali kuti?"

"Kali mufiriji, kali ndi nambala yake. Mukabwera ndidzakuwerengerani pepala limene anasaina."

Ndinangomudutsa. Munthu wa muofesi kuyenda fumbi lonseli chifukwa cha kalipentala, kenaka nkumaitananso mkulu wake, mwina ndi chifundo, mwina mufirijimo mwatsala malo. Ine sindikudziwa.

Madzulo mabenchi anabwerera kutchalitchi, masamba anachotsedwa pamsewu. Abale a ku Mulanje anagona msanga pamphasa. Pabwalo panatsala phulusa ndi macheka a malemu atapachikidwa pakhonde. Ndinakhala pamenepo ndekha, kapepala kali m'thumba la jekete. Mlamu wanga anatuluka kudzatenga ndowa.

Ndinati, "Alamu, Lachiwiri mundiperekeze. Sindikukayezetsa ayi. Ndikukafufuza za kanyama kaja."

"Chabwino, alamu," anatero, osandiyang'ana. "Koma mudzavale buluku losavuta kuvula."

Analowa nkutseka chitseko mosamala, ngati muli munthu wodwala amene wangogona kumene.