Dzanja Paphewa pa Esinati

Ntchito yojambula zithunzi inandipeza ndikugulitsa kachewere pa Lizulu. A Kamwendo, eni situdiyo ya kuseri kwa msika, anandiona ndikujambula anzanga pafoni, nkundiuza kuti ndikayese.

Kamera sanandipatse msanga. Anandikhazika pakompyuta kuti ndiziyeretsa zithunzi zisanatsukidwe: kufufuta mbuzi, zidebe, chidakwa cholowerera kumbuyo kwa akwati. "Chosafunika chichoke," ankatero. Ndinazolowera mpaka ndinkafufuta munthu uku ndikukukuta chimanga chootcha.

Chinkhoswe choyamba kujambula ndekha chinali ku Mlangeni, cha mtsikana wina dzina lake Esinati. Mayi ake anali atangotuluka kumene kuchipatala cha amisala, ndipo tsikulo achibale anawatsekera m'khitchini kuti akuchimuna asawaone. Aliyense ankadziwa, koma palibe anatchula.

Pa chithunzi cha banja, anthu atandanda kale, mayiwo anangotulukira, atavala chitenje chatsopano, kumutu atapesa bwino. Anaima kumbuyo kwa Esinati nkuika dzanja paphewa pake. Ndinadina. Azimayi awiri anawagwira mikono nkuwabweza, ndipo nyimbo sizinaleke.

Amalume ake a Esinati anandikokera pambali. "Wamisalayo asaoneke. Chithunzichi chikapachikidwa kwa apongozi."

Kunena zoona, mumtima sindinamve kanthu. Lolemba ndinakhala pakompyuta, ndinafufuta nkhope, thupi, chitenje, pamalopo nkumatapo khoma la njerwa. Koma dzanja linandikanika. Zala zinamira m'nsalu ya diresi, ndipo ndikati ndifufute, phewa linkasanduka phala. Ndinasiya choncho kuti a Kamwendo adzakonze.

Asanakonze, Esinati anabwera yekha kudzaona zithunzi. Ndinamuonetsa pakompyuta pomwepo, uku ndikupepesa za dzanjalo. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Anapesa okha m'mawa uja," anatero. "Chaka chatha sankatha nkusamba komwe."

Kenako anatembenukira kwa ine.

"Musakonzenso, achemwali. Tsukani momwemo."

Mpaka lero ndikufufutabe, mbuzi ndi anthu omwe. Ntchito ndi ntchito. Kungoti akandiuza kuti uyu achoke, ndimayamba ndafunsa amene waima naye pafupi. Cha Esinati chija chili pakhoma kwa apongozi ake, zala zinayi paphewa. Akuti palibe anafunsapo kuti ndi za ndani.