Mwini mwana: malume

M'chaka changa chachiwiri pasukulu ina ya sekondale, kum'mwera kwa Mzimba Boma cha kumalire ndi Kasungu, ndinatopa ndi kujambula malipoti. Abambo a ana ambiri kumeneko ali ku Joni, ndipo teremu ikatha mafoni a aphunzitsife sankapuma. Aliyense akufuna umujambulire lipoti la mwana wake, umutumizire, kenako ujambulenso poti chala chako chaphimba malikisi a masamu. Ine kwathu ndi ku Dedza, ndimaphunzitsa masamu ndi kompyuta, ndipo masiku amenewo ndinkadzimva shuga. Ndinauza ahedi kuti ndipanga tsamba la pa intaneti loti kholo lizingotsegula pafoni n'kudzionera lokha zotsatira za mwana wake.

Katswiri sindinali. Ndinatsitsa fulemuweki ina, chimene ndi chimango chokonzeratu chomangirapo tsamba, pamodzi ndi mulu wa makomponenti ake: mabatani, matebulo, timabokosi tolembamo, zonse zopangidwa kale ndi anthu ena. Iwe ntchito yako ndi kungolumikiza, ngati mmisiri amene wagula zitseko ndi mafelemu ku hadiweya. Loweruka lililonse ndinkakwera minibasi kupita pa Boma kumene netiweki siithawathawa, n'kukhala pakhonde la sitolo ina laputopu ili pamiyendo. Batani loyamba litagwira ntchito ndinaseka ndekha mpaka akabaza anacheuka.

Pafomu yolembera mwana ndinaikapo kabokosi kosankhira, kaja kamene ukakagunda kamatsitsa mndandanda. Pamwamba pake ndinalemba kuti "Mwini mwana", m'kati ndinaikamo malume, bambo, mayi, agogo. Malume ndinawaika poyamba osaganiza n'komwe. Ine kusukulu akaitana makolo ankabwera ndi amalume anga, bambo ali phee kudimba, ndipo palibe ankadabwa. Chimene sindinadziwe n'chakuti kabokosi kameneka, ukapanda kukauza kuti kayambe kopanda kanthu, kamadzisankhira kokha chimene chili pamwamba. Zinalembedwa bwinobwino m'malangizo a komponenti yake, koma ine ndinangokopera khodi, mizere ija yolamula kompyuta, n'kupitirira. Safunsa anadya phula.

Ndinayesera pakalasi yanga ya Fomu 2. Ndinalowetsa mayina ndi malikisi mothamanga, kabokosi kaja osakakhudza poti sikankadandaula ndi chilemba chofiira ngati tinzake. Lachisanu ndinatumizira kholo lililonse linki ya mwana wake, ndipo kumapeto a sabata ameneyo ndinayenda mapewa ali m'mwamba.

Lolemba m'mawa ahedi anandiitana ku ofesi. Ndinapezamo mayi wina atakhala pansi pafupi ndi chitseko ngakhale mipando inalipo, pambali pake pali mtolo wa zovala womangidwa m'chitenje. Kumbuyo kwake kunaima mwana wake, mtsikana wa m'kalasi mwanga yemwe anali wachitatu teremu imeneyo. Ndinkaganiza kuti abwera kudzathokoza.

Ahedi, omwe ndi mbadwa ya komweko, anandipatsa foni ya mayiyo. "Aphunzitsi, tamverani ichi."

Unali uthenga wa mawu wochokera kwa mwamuna wawo ku Joni. Chitumbuka changa chinali chopunduka, koma zambiri ndinazimva. Ankati ng'ombe za malowolo anapereka zonse, ndiye sukulu yalemba bwanji kuti mwini mwana wake ndi malume? Ankati ankadziwa kale kuti mkaziyo ndi achimwene ake akupangana zomulanda ana. Kenako ananena zina zokhudza mkazi wotsala yekha pamudzi zaka zambiri, zimene sindingalembe pano. Anamaliza ndi kuti atenge zake azipita kwawo, ana asiye.

Ahedi anatsegula tsamba langa. Pansi pa dzina la mtsikanayo, ndi zilembo zokongola zimene ndinataya tsiku lonse ndikusankha mtundu wake, panalembedwa kuti: Mwini mwana: malume.

Ndinatsegula dzina lina, malume. Lina, malume. Kalasi yonse, ngakhale mwana wa abusa, inali ya amalume.

"Kuno mwana ngwa wiske," anatero ahedi mosakweza mawu. "Mwana ndi wa bambo ake. Enawo andiimbira akuseka, akuti mphunzitsi wanu wa ku Dedza watigawira ana. Koma m'nyumba iyi munali kale utsi, poti mlongo wawo wa amayiwa anamugulira mwanayu yunifolomu chaka chatha."

Zoti kumpoto ana ndi a kuchimuna ndinkazidziwa, ndikanakhoza ngakhale pamayeso. Kungoti sindinazikumbuke pamene zala zanga zinkalemba mndandanda uja.

Mayiyo sanandikalipire, ndipo zimenezi zinandipweteka koposa. Anangondifunsa, akunditchula aphunzitsi m'Chitumbuka, kuti, "Asambizgi, ndani anakuwuzani kuti mulembe asibweni ake, amalumewo? Ine pasukulu pano sindinabwerepo. Mbwenu lero ndilibe nyumba."

Kukonza cholakwacho kunanditengera mphindi zosakwana zisanu, mzere umodzi wouza kabokosi kuti kayambe ndi mawu oti "Sankhani" ndipo kasalole kupitirira munthu asanasankhe. Ndinachita mantha kuona kuchepa kwa chinthu chimene chathamangitsa munthu pabanja. Koma ndinasunga kope la tsamba lakalelo, poti ahedi anati kukonza pakompyuta sikubweza munthu m'nyumba, tiyenera kupita kumudzi.

Tinapita masana omwewo, ahedi panjinga yawo yamoto ndi mayi uja, ine ndi mtsikanayo pa akabaza. Apongozi a mayiyo, bambo ake a mwamuna wa ku Joni, anatilandirira m'chigafa cha fodya. Anali nkhalamba yofatsa, yooneka kuti nkhaniyi ikuichititsa manyazi, koma uthenga wa mwana wawo anali ataumva ndipo zolembedwa ndi sukulu ankaziopa. Ana awo aamuna awiri anakhala pambali nkhope zili gwa.

Ndinayamba kufotokoza za makomponenti, ndipo ndinaona kuti ndikungowaulutsira mawu pamutu. Ndiye ndinatsegula tsamba lakale lija, ndinaloza mbuzi imene inkadya makoko a chimanga pakhomo, n'kunena kuti tiilembetse sukulu. Ndinalemba dzina kuti Mbuzi, masamu ndinaipatsa makumi asanu ndi awiri, ndinapempha mmodzi wa ana aamuna a nkhalamba aja kuti adine yekha batani losungira. Anadina ndi chala chimodzi mosamala. Tsamba linabwera: Mbuzi, Fomu 2, mwini mwana: malume.

Wamng'onoyo anayamba kuseka, mkulu wake anatsatira, nkhalamba inagwira pakamwa. "Ndapota," inatero. "Ndiye kanthu aka kamangoyankha kokha, osafunsidwa?"

"Kokha, adada. Kulakwa ndi kwanga, si kwa amayiwa."

Anaimbira ku Joni, foni anaiika poti tonse timve. Ahedi anafotokoza, ine ndinapepesa, achimwene a mwamuna wa ku Joniyo anamuuza za mbuzi. Mwamunayo anaseka.

"Aa, mbwenu yamala. Yewo chomene, asambizgi, muzisamala ndi makompyuta anuwo. Muwuzeni abwerere m'nyumba, nkhani yatha."

Mtima wanga unakhala pansi. Ndinatseka laputopu ndikudziona ngati ndapulumutsa banja, ine yemwe ndinaligwetsa. Nkhalamba inatambasula dzanja kupereka foni kwa mkamwana wake, mkazi wa mwana wake uja, kuti alankhule ndi mwamuna wake.

Mayiyo anailandira ndi manja awiri, mwaulemu wonse, koma sanaiike kukhutu. Anayang'ana ine.

"Asambizgi, kanthu kanu mwakonza, yewo. Kanalemba mawu amodzi okha. Zina zonse zija ananena, za achimwene anga, za ine ndi amuna a m'mudzi muno, kanthu kanu sikanalembe. Anali nazo kale." Anatembenukira kwa apongozi awo. "Adada, m'nyumba ndilowa chifukwa cha mwana uyu, amalize sukulu. Munda ndilima monga ndalimira zaka zonsezi. Koma ndamva."

Ine ndinayang'ana pansi, manyazi ndi mantha zitandigwira pamodzi, poti ndinazindikira kuti apa panalibe mzere woti ndikonze. Mtsikana uja ananyamula mtolo wa amayi ake n'kuyamba kulowera kunyumba.

Mayiyo anagwada, anaika foni pamphasa patsogolo pa apongozi awo, n'kutsatira mwana wake. Mufonimo mwamuna anali akuitanabe, kufunsa ngati netiweki yathawa.