Tsiku Limene Ndinaperekeza Apongozi Kuchipatala

Ndine mkamwini, ndipo ku Kabudula mkamwini amadziwa malire ake. Apongozi anga aakazi ndinkawapatukira panjira, tikamalankhulana aliyense ankayang'ana kumbali. Zaka zisanu ndi ziwiri pamudzipo, ndinali ndisanawayang'anepo m'maso.

Msana wawo unayamba nthawi yosoka fodya. Anawerama kuti anyamule mtolo wa masamba, basi kuwongoka kunavuta. Ululu unatsika kuchokera m'chiuno mpaka kuphazi lamanzere. Anatemera mphini, anathowa ndi madzi otentha, koma zinkangoipiraipira. Tsiku limene analephera kuima okha, mkazi wanga anali m'chikuta ndi khanda la masiku atatu. Ndiye ndinamanga ng'ombe pangolo, n'kuwatenga ndekha.

Powatsitsa pachipatala, ndinaona kuti thumba limene anakhalira lanyowa, chitenje chawonso. Iwo sanasonyeze kuti amva kanthu. Ndinapinda thumbalo msangamsanga ngati wakuba, mantha atandigwira.

Dokotala anati ndikhale momwemo m'chipinda, poti pabedi sakanatha kukwera okha. Anawagoneka chagada, n'kugwira chidendene chamanzere, kumakweza mwendo wowongoka pang'onopang'ono. Usanapite patali, apongozi anakuwa, "Mayo ine!" Mayi amene ankalima mizere kundiposa ine. Kenako anakweza mwendo wabwinowo, koma ululu unabaya kumwendo wodwala uja. Apa nkhope ya dokotala inasintha, nthabwala zonse zinatha.

Anatenga kanyundo kampira. Atagogoda pabondo, mwendo unadumpha. Atagogoda kuseri kwa chidendene, zii. Anabwereza katatu, phazi lili duu. Anawauza kuti akankhe dzanja lake ndi phazi monga wopalasa njinga, koma mphamvu munalibe. Ndiye anatenga kasingano n'kumabaya pang'ono m'mbali mwa phazi.

"Mukumva, mayi?"

"Kodi mwabaya kale?"

Dokotala anafotokoza kuti mitsempha yochokera m'fupa la msana yapanikizika, ndipo kuti pali funso limodzi lalikulu kuposa zonse wachitazi.

"Pakati pa miyendo, pamene mumakhalira, mukumva dzanzi? Nanga mkodzo, sukutuluka wokha inu osadziwa? Mundiuze zoona, chifukwa zikakhala choncho ndikutumizani kutauni lero lomwe."

Apongozi anayang'ana kukhoma, ine ndinayang'ana pansi.

"Ayi adokotala, kumeneko zonse zili bwinobwino."

Ndinkadziwa kuti akunama, ndipo ndinkadziwa kuti akunama chifukwa cha ine. Koma mkamwini angatchule bwanji za mkodzo wa apongozi ake, iwo ali pomwepo? Ngakhale kutuluka kuti alankhule momasuka sikunandibwerere m'mutu. Ndinangoima ngati chitsa, ndipo mpaka lero ndimadzikwiyira.

Dokotala anatipatsa mapiritsi, n'kutichenjeza kuti zimene wafunsazo zikayamba, tibwerere tsiku lomwelo. Ndinavomera ndi mutu. Titafika kunyumba ndinauza mkazi wanga kuti ndi msana chabe.

Patatha milungu itatu, mwendo winawo unafookanso. Mkazi wanga ndiye anapita nawo kuchipatala chachikulu kutauni. Kumeneko anamuuza kuti tachedwa. Opaleshoni ikanathandiza m'masiku oyambirira aja, koma tsopano mitsempha inali itawonongeka.

Sanayendenso. Amene ndimawanyamula kuwatulutsa panja m'mawa uliwonse ndine, poti mkazi wanga sangawathe. Tsiku lina nditawakhazika pamphasa, anandiitana ndisanachoke, maso ali kumbali monga mwa masiku onse.

"Bambo, tsiku lija pangolo munaona, eti?"

"Ndinaona, amayi."

Anawomba m'manja pang'onopang'ono.

"Zikomo. Munandisungira ulemu."