Tsiku Limene Madzi Analowa M'nyumba Mwathu ku Biwi

Ndikakumbukira agogo aamuna, bambo a mayi anga, ndimamva fungo la guluu ndi zikopa pakhonde la nyumba yathu ku Biwi, pamene ankasokera nsapato za anthu, timisomali ataluma pakamwa. Ndinkawaopa. Sankaseka ndi ana, ndipo m'mawa uliwonse, madzi a tiyi asanawire pambaula, ankavala magalasi awo omanga ndi ulusi, n'kutsegula Baibulo lakale lopanda chikuto, n'kundipatsa vesi loti ndiloweze. Ndikaphonya liwu limodzi, ankangondiyang'ana pamwamba pa magalasiwo mpaka ndiyambirenso. Masiku ena ndinkafika kusukulu belu litalira kale.

Ndili sitandade faifi, Loweruka lina m'dzinja, mvula inagwa kuyambira m'mawa osakata. Mayi anali kumsika kogulitsa kaunjika. Chakumasana tinamva mkokomo kumtsinje wa kuseri kwa nyumba, kenako anthu akukuwa kumunsi, ndipo tisanadziwe chochita madzi ofiira analowa pakhomo, akukankha mabeseni ndi nsapato za eni ake. Agogo anandinyamula n'kundikweza mumtengo wa mango wa pabwalo, iwo n'kukwera pambuyo panga movutikira, madzi atawafika m'chiuno. Magalasi aja anagwera m'madzimo. Tili mumtengomo khoma la chipinda chathu, la njerwa zosawotcha, linagwa, ndipo ndinaona matiresi anga akupita, pamodzi ndi tebulo limene pankakhala Baibulo.

Mtengo unkagwedezeka chinthu chikaugunda. Ndinalira mpaka mawu anasasa. Nditacheukira agogo ndinaona chimene ndinali ndisanachionepo: milomo yawo ikunjenjemera, manja akukanika kugwira bwino nthambi. Zimenezi zinandiopsa kuposa madziwo.

"Tadala," anatero motsitsa mawu, "vesi la Yesaya lija. M'mutu mwanga mwangoti balala. Nena iwe."

Ndinayamba: "Pamene udutsa pamadzi, ndili pamodzi ndi iwe, mitsinje sidzakukokolola." Ndinaphonya pawiri, koma sanandibweze. Anangoti ndinene lina. Ndinanena ladzulo lake, a sabata yatha, ngakhale a chaka chatha amene ndinkayesa kuti ndinaiwala, iwo akunditsatira pansipansi atatsinzina. Madzi sanaleke kukwera, anafika mpaka pa nthambi yoyamba. Koma manja awo anakhazikika, moti anavula lamba wawo n'kundimangirira kunthambi.

Anthu a kumtunda anatipulumutsa dzuwa litapendeka, atamanga chingwe pa polo ya magetsi. Mayi ena a nyumba yachitatu kuchokera kwathu anawapeza m'mawa mwake kutali kumunsi, atamwalira.

Agogo anakhala ndi moyo zaka zina zinayi, ndipo za tsikulo sanazitchulenso. Ine mpaka lero nyumba ya lendi yapafupi ndi mtsinje ndimaikana ngakhale itatchipa bwanji. Mantha sanandichoke, koma sandipeza chimanjamanja. Chaka chatha mwana wanga atamulowetsa kokamuchita opaleshoni, ndinakhala pabenchi ya chipatala maola atatu, foni itazima, chowerenga ndilibe. Mayi amene anakhala pambali panga, amuna awo ali m'kati momwemo, anandimva ndikunong'ona mavesi. Anasendera pafupi, n'kundipempha kuti ndikwezeko mawu pang'ono.