Nambala Yanga pa Denga la Sukulu

Ndinaganiza zochoka ku George, komboni yathu ya mu Lusaka, tsiku limene ba Laston, mkulu wanga, anandilipira ndi nsapato. Ndinali nditawotcherera mageti mwezi wathunthu pa shedi yawo ya m'mbali mwa msewu wa ku Lilanda, ndipo m'malo mwa ndalama anandipatsa nsapato zawo zakale, ati ndi zachikopa chenicheni. Mkazi wanga anali ndi pakati. Ndinayang'ana nsapatozo, ndinayang'ana mimba ija, ndipo sabata isanathe ndinali m'basi ya ku Joni. Amayi sanalire kwambiri. Agogo athu anachoka ku Dedza ulendo wa ku migodi n'kutsakamira mu Lusaka, choncho amayi anangoti miyendo yoyendayenda ndi ya kumtundu.

Ku Joni ndinavutika kaye, kenako ndinalowa pa kampani ina ku Germiston yopanga zitsulo za madenga a mafakitale ndi mafelemu a aluminiyamu. Kumeneko ndiye ndinadziwa kuti zomwe ndinkachita kwathu sikunali kuwotcherera koma kumata. Chaka chilichonse kunkabwera maodita, anthu oyendera amene amapatsa kampani satifiketi yoti ndi yoyenera kupanga zitsulo zonyamula nyumba. Ankafuna kudziwa kumene chitsulo chilichonse chinachokera, ngati marodi owotcherera timasunga pouma, ngati burashi ya aluminiyamu sinakhudzepo chitsulo. Ankabweranso ndi kamakina koona m'kati mwa mfundo zowotcherera, ngati sikani ya amayi apakati. Nditakhoza mayeso anandipatsa chidindo chachitsulo chokhala ndi zilembo za dzina langa ndi nambala, choti ndizikhoma pambali pa mfundo iliyonse yomwe ndawotcherera. Kapitawo wathu, mdala wina wa ku Mozambique, anandiuza pondipatsa kuti, "Penti ndi ya kasitomala, koma nambala iyi ndi khosi lako. Denga likadzagwa adzayamba kufuna iweyo."

Tsiku limenelo ndinajambula nambala yanga pa chitsulo n'kutumiza chithunzi kwa amayi. Ndinalibe wina womuonetsa. Mkazi wanga anali atatopa kudikira n'kukwatiwa ndi dalaivala wa minibasi ku Chawama, ndipo mwana wathu Tamara ankakhala ndi amayi. Mwanayo ndinamuona akukulira m'foni. Lamulungu ndinkachapa ovololo, kenako n'kugona chagada kumvetsera mobwerezabwereza timawu take tomwe ankajambula. Kusungulumwa kwake sindikufunira munthu. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, zina za mwana, zina zoti ba Laston agulire makina, chifukwa ankati kampani ndi ya pa banja.

Chaka chatha ba Laston anandiimbira, akunditchula kuti mwaiche, ndiye kuti mng'ono. "Mwaiche, bwela manje. Kampani yakula. Tifuna satifiketi ya maodita kuti tiyambe kugwila makontrakiti yakulu-yakulu, koma bafuna welda wa mapepa. Nanga tizalemba munthu wakunja iwe ulipo?"

Kunena zoona mtima unadumpha. Ndinaganiza kuti pamapeto pake kwathu akufuna manja anga. Ndinasiya ntchito, ndinagula chikwama cha sukulu cha Tamara, n'kukwera basi.

Shedi ija ndinaipeza ili ndi mpanda wa mabuloko ndi chikwangwani chachikulu. Kunali kutatsala masiku ochepa kuti maodita abwere, ndipo anyamata anali yakaliyakali. Koma kukonzekera kwake! Zipewa zolimba ndi majombo anabwereka kwa ba Mwale, mnzawo wa shedi ina ku Chawama. Zozimitsira moto anabwereka pa galaja ya ku Matero, china chopanda kanthu m'kati. Anagula burashi imodzi yatsopano ya aluminiyamu n'kuipachika pakhoma, ndipo aliyense analetsedwa kuigwira kuti isade. Ndinaseka, chifukwa zinandikumbutsa ubwana wathu. Kukamabwera alendo amayi ankabwereka matambula ndi mipando kwa aneba, mphasa zong'ambika ankaziponya kunsi kwa bedi, ndipo ife a makabudula obooka ankatithamangitsa kuti tikasewere kutali. Ndinadziuza kuti palibe kanthu, izi ndizikonza pang'onopang'ono.

Kuseka kunatha nditazungulira kuseri kwa shedi. Kunali mathirasi aataliatali, zitsulo zonyamula denga, atapakidwa penti yofiira yowala bwino. Pambali pa mfundo iliyonse panali zilembo za dzina langa ndi nambala yanga. Chidindo changa chinali m'thumba mwanga, ndipo mathirasiwo ndinali ndisanawagwirepo chibadwire.

Ndinasisita mfundo imodzi. Inali yosalala mopitirira muyeso. Ndinatenga galainda, makina opalira ndi kudulira zitsulo, n'kuigunditsa. Chitsulo chikakumana ndi galainda chimathetheka moto, koma apa panangofuka fumbi loyera ngati ufa. Inali pati, ija amamatira magalimoto ophwanyika. Kunsi kwake, mumpata womwe umayenera kudzaza ndi chitsulo chosungunuka, anali atafwatikamo misomali ndi zidutswa za marodi, n'kudontheza pamwamba kuti zigwirane.

Ndinawaitana ba Laston n'kuloza zitsulozo. "Nsimbi izi ziyenda kuti?"

"Ni za holo ya pa sukulu ya Tamara. Banatipasa nchito ba hedi, niziba nao."

"Mwaona vili mukati?"

"Iwe, marodi yadula. Malaiti yabwela pang'ono chabe, ufuna tizichedwa na mfundo imozi? Denga ni malata, siyolema. Mageti yonse yamene tinapanga, yanagwa?"

"Nanga nambala yanga munaitenga kuti?"

Anaseka. "Pa foto ija unatumila bamayo. Tumanambala twa nsimbi tugulisiwa mu tauni. Si zina ya pa banja?"

Ndinapita kwa amayi mutu ukuwira. Ndinawafotokozera kuti holo imeneyo ndi momwe Tamara ndi anzake azidzasonkhana m'mawa uliwonse, ndipo mphepo ya mvula ikadzakankha denga, mfundo zimenezo zidzaphotchoka. Amayi anamvetsera akusankha nyemba. "Usamusebanye mukulu wako pamenso pa balendo," anatero, akuopa manyazi. "Mulendo ni mame. Leka bapite, tizakamba." Ba Laston nawo analumbira, dzanja pachifuwa, kuti maodita akangochoka tidzakumba mfundo zonse n'kuwotcherera bwino. Ndinavomera kudikira.

M'mawa wa tsikulo anyamata ananyamula mathirasi aja n'kukawaika kuseri kwa nyumba ya aneba, n'kuwafunditsa tenti ya maliro ya kumpingo. Maodita anabwera awiri, mayi ndi bambo, anthu aulemu odziwa ntchito yawo. Anafunsa mafunso oyenera, anaona zomwe anaonetsedwa. Anayang'ana satifiketi yanga, n'kundiuza kuti ndiwotcherere chitsulo iwo akuona. Anachiyeza, anagwedeza mitu movomereza. Ba Laston anaima pambali panga atavala chipewa cha ba Mwale, akundisisita paphewa. "Uyu ni wathu-wathu, tinamutuma ku Joni kukaphunzila."

Galimoto ya maodita isanafike n'komwe pamsewu waukulu, anyamata anali atayamba kuvula majombo ndi kulongedza zipewa m'matumba. Ba Mwale ankazifuna msanga, chifukwa nawonso alendo omwewo ankawayembekezera sabata yotsatira. Ba Laston anandikokera pambali, nkhope ili mwee. "Mwaiche, ba Mwale bapempha na iwe. Pa Mande uyende chabe uvale ovololo yao, uonese mapepa, ubwele." Apa m'pamene ndinamvetsa chomwe anandiitanira kuchokera ku Joni. Ndinali m'gulu limodzi ndi zipewa ndi zozimitsira moto.

Kutacha ndinalawirira ku shedi kuti tiyambe kukumba mfundo zija. Ndinapeza lole itaima pa aneba, tenti itachotsedwa, anyamata akumanga zingwe. Ba Laston anati a sukulu akufulumiza, mvula ili pafupi, tidzakonzera konko. Ndinadziwa kuti chitsulo chikakwera pamwamba palibe amene adzakwerenso kukachikumba. Sindinakangane nawo. Ndinakoka waya wa magetsi kudutsa mpanda, ndipo mwamwayi magetsi analipo. Ndinadula mathirasi onse pa mfundo zapakati, limodzi ndi limodzi, fumbi loyera lili kobo. Ba Laston anakuwa, anatukwana, anandigwira malaya, koma galainda ikulira munthu sayandikira kwambiri.

Anthu anadzaza. Misomali inali mbwee pansi, aliyense akuiona. Ndinkayembekezera kuti wina atola umodzi n'kufunsa kuti ukutani m'denga la ana. Ayi ndithu. Zomwe ndinamva ndi zakuti a ku Joni amabwera ndi matama, kuti ndi nsanje, kuti munthu sachita zotere kwa mkulu wake pagulu. Mayi wina amene ana ake awiri amaphunzira pa sukulu yomweyo anandiloza chala. "Mwamuonongela bizinesi mubale wanu. Mulibe nsoni?"

Ku Joni ndinkagona ndikulota George, fumbi lake, phokoso lake, anthu odziwa dzina la agogo ako. Ndinkauza anzanga kuti kwathu anthu amasamalana. Sindinaname, amasamalanadi. Kungoti chomwe timasamala kwambiri ndi nkhope, ndipo timasesa pokhapo pomwe mlendo aponde. Panopa ndimawotcherera pa kampani ina ku mafakitale, ndimachita lendi ku Matero, ndipo ba Laston sitilankhulana. Denga la holo lija linapatsidwa kwa anthu ena. Ndinapita kukaona mfundo zake asanapake penti, ndipo a hedi anandiyang'ana ngati wamisala.

Koma tsiku lodula lija ndinali ndi chiyembekezo chimodzi. Ndinatola chidutswa cha mfundo, misomali ili tuu m'kati, n'kupita nacho kwa amayi. Tamara anali pakhonde akulemba za kusukulu. Ndinachiika patebulo. "Bamayo, onani. Ichi ndiye chinali kuyenda pamutu pa muzukulu wanu."

Amayi anachinyamula, anachitembenuza, anakanda pati ija ndi chikhadabo. Anayang'ana Tamara nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti amvetsa. Kenako pageti panamveka odi. Anali azimayi a chigwirizano cha kumpingo, atabwera kudzacheza.

"Chosa ichi," amayi anandinong'oneza, akundipanikiza nacho m'manja. "Ika kunsi kwa bedi. Kwabwela balendo."